K1 ya m'Minibasi na Senti ya 1943

Pa Ciwelu cina, titangotsiliza pulogilamu ya acinyamata pa wailesi yathu, tinapeza mnyamata wina atatiyembekezela pa geti. M'manja anali atafumbata kapepala kopinda bwino-bwino monga muli mapilisi. Atakafunyulula, munali K1 imodzi cabe. Anati anailandila pa chenji m'minibasi yocokela ku tauni, ndipo atafika kunyumba m'pamene anaona kuti si yofanana na zinzake. Mbali ina inali yophwatalala, ndipo pafupi na kambalame kaja panali zilembo zina zolowa mkati, zotembenuka monga mmene zolemba zimaonekela pa galasi.

"Bakamba, iyi ni error coin," iye anatelo. "Nalemela ine."

Anali ataika kale cithunzi ca koiniyo pa intaneti, ndipo munthu wina amene anati ni wogula wa kunja anamulonjeza madola 3,000. Koma coyamba anafunika kutumiza K350 pa foni, ati ya kulembetsa koiniyo. K350 imeneyo anali nayo m'thumba. Inali mbali ya ndalama zimene amai ake anatenga ku cilimba kuti akalipilile mayeso a GCE.

Sitinamuseke, cifukwa nkhani ya makoini olakwika si yabodza. Aliko amene anagulidwa ndalama zokwanila kumanga nyumba. Tinangomupempha kuti asunge K350 yake mpaka pa Mande. Ise sindise akatswili a makoini, koma nchito ya pa wailesi inatizoloweza kufufuza nkhani tisanaiulutse. Ndipo pofufuza tinaona kuti funso la mnyamata uja si lacilendo. Anthu akhala akulifunsa kwa zaka zambili, ndipo mbili yake ni imene imaonetsa njila yopezela yankho.

Mmene colakwika cimabadwila

Koini siumbidwa monga mphika, imadindidwa. Ku fakitale amayamba na mpukutu wautali wa citsulo copyapyala. Makina amabowola mpukutuwo n'kutulutsa tuzitsulo tozungulila tosalemba kanthu, monga mmene amai amadulila masikono na kapu pa ufa wokanda. Tuzitsulo utu tumadutsa m'makina ena amene amakweza mkombelo wake pang'ono. Kenako kalikonse kamagwela pakati pa zidindo ziwili zolimba, ca pamwamba na ca pansi, n'kumenyedwa mwamphamvu kwambili. Pa nthawi yomenya, pamakhala mphete ya citsulo imene imakagwila m'mbali kuti kasafutukuke. Makina a masiku ano amadinda makoini mahandiledi pa miniti imodzi.

Pa liwilo lotele, zinthu zimalakwika ndithu. Kacitsulo kangagwele pambali, cidindo n'kumenya theka cabe, mbali ina n'kutsala yosalala monga mwezi watsopano. Makina obowola angadye pamene adya kale, koini n'kutuluka yolumidwa m'mbali. Kacitsulo ka koini ya mtundu wina kangatsalile m'makina n'kudindidwa cithunzi cimene si cake. Cidindo cingang'ambike, ndipo mng'alu wake umaoneka pa koini monga kamzele kotukuka. Nthawi zina wanchito amamanga pamodzi zidindo ziwili zimene sizinafunike kukumana. Oyang'anila amagwila zambili mwa izi zisanatuluke. Zocepa zimene zimapulumuka n'kulowa m'matumba a anthu ndizo zimene osonkhanitsa makoini amasakila.

Colakwika cimene cili na mtengo ni cija cinacitikila mkati mwa fakitale. Ciliconse cocitika koini itatuluka kale, kaya yapondedwa na sitima pa njanji, yapsa pa mbaula, kapena yadyewa na dzimbili m'dothi, ni kuwonongeka cabe. Nchito yonse ya wofufuza yagona pa kusiyanitsa ziwili izi.

Mnyamata wa ku Pittsfield

Mu 1943, dziko la America linali mkati mwa nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Kopa anali kufunika kwambili popanga zipolopolo na mawaya. Ni nthawi imodzimodziyo pamene migodi yathu ya ku Copperbelt inali kukumba mwamphamvu kuti itumize kopa ku Britain. Boma la America linalamula kuti senti ya caka cimeneco isapangidwe na kopa monga kale, koma na citsulo cokutidwa na zinki. Mafakitale atatu, a ku Philadelphia, Denver na San Francisco, anadinda masenti acitsulo opitilila biliyoni imodzi. Anali otuwa, osati ofiila monga anthu anazolowela. Koma tuzitsulo tocepa twa kopa twa caka ca 1942 tunatsalila m'zotengela za ku fakitale, ndipo tunasakanikilana na twatsopano n'kudindidwa caka ca 1943.

Nkhondo itatha, mphekesela inafala yakuti Henry Ford adzapatsa motoka yatsopano aliyense amene adzabweletsa senti ya kopa ya 1943. Ana na akulu omwe anayamba kuyang'anitsitsa chenji yao. Mu 1947, mnyamata wa zaka 16 wa m'tauni ya Pittsfield, ku Massachusetts, analandila senti yotele pa chenji pogula cakudya ku sukulu. Anafunsa ku kampani ya Ford, ndipo anamuuza kuti nkhani ya motoka inali mphekesela cabe. Analembela ofesi ya boma yoona za cuma, ndipo anamuyankha kuti masenti onse a 1943 anali acitsulo. M'mau ena, boma lenilenilo linamuuza kuti cinthu cimene anali naco m'manja kulibe.

Mnyamatayo sanaitaye senti yake, ndipo sanathamangile kuigulitsa. Patapita zaka, akatswili anaipima n'kutsimikiza kuti ni yeniyeni. Anaisunga kwa zaka zoposa 70 mpaka anamwalila mu 2018. Mu January 2019 inagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wa madola 204,000.

Ndalama zambili zedi. Koma okushoni isanacitike, manyuzipepala anali kulemba kuti senti imeneyi ingapitilile miliyoni, cifukwa mu 2010 senti ina ya kopa ya 1943 inagulidwa madola 1.7 miliyoni. Cimene ambili sanaone n'cakuti ya mu 2010 ija inadindidwa ku Denver, ndipo ni imodzi yokha imene imadziwika kucokela ku fakitale imeneyo. Ya mnyamata uja inali ya ku Philadelphia, kumene kunacokela zoposa khumi zodziwika. Colakwika n'cimodzi, caka n'cimodzi, koma kucepa kwake kunasiyanitsa mtengo kuwilikiza maulendo opitilila asanu na atatu.

Pamene pali ndalama, akathyali sasowa. Anthu anayamba kutenga masenti acitsulo a 1943 n'kuwakuta na kopa pamwamba. Ena anali kutenga senti ya kopa ya 1948 n'kupala mbali ya kumanzele ya nambala 8 kuti ioneke monga 3. Ndiye cifukwa cake osonkhanitsa anakhazikitsa njila zopimila zimene aliyense angakwanitse. Yoyamba ni maginito: senti yacitsulo yokutidwa imamamatila, ya kopa yeniyeni siimamatila. Yaciwili ni sikelo: ya kopa imalemela magalamu 3.11, yacitsulo magalamu 2.7. Yacitatu ni galasi yokulitsa, poona ngati nambala 3 ili na mcila wautali monga wa pa masenti ena a caka cimeneco. Zambili zimene anthu amabweletsa zimagwa pa mayeso oyamba, a maginito.

Nyulu ziwili

Pali mtundu wina wa colakwika umene Azungu amaucha mule, kutanthauza nyulu, nyama ija yobadwa kwa hachi na bulu. Ni koini imene kutsogolo kwake n'kwa koini ina, kumbuyo n'kwa inanso.

Mu July 1967, dziko la New Zealand linasiya mapaundi na mashiling'i n'kuyamba madola na masenti. Makoini ake atsopano anadindidwa ku Royal Mint, ku Britain, kumene anali kudindanso makoini a maiko ena ambili. M'cipwilikiti ca nchito, cidindo ca kutsogolo ca 5 senti ya ku Bahamas cinamangidwa pamodzi na cidindo ca kumbuyo ca 2 senti ya ku New Zealand. Zonse ziwili zinali na mutu wa Mfumukazi Elizabeth, conco maso othamanga sanaone kusiyana. Anthu a ku New Zealand anadabwa kupeza m'chenji yao koini yolembedwa dzina la zilumba zimene zili kutali, kutsidya lina la dziko.

Nkhani iyi imatikhudza cifukwa Zambia ilibe fakitale yake yodinda makoini. Makoini athu oyamba anacokela ku Royal Mint komweko, ndipo amene anabwela mu 2013 anadindidwa ku South African Mint. Conco sitingakambe kuti K1 yolakwika siingapezeke. Makina amene amadinda zathu ni makina monga ena onse.

Nyulu yaciwili ni ya posacedwa. Mu 2008, Britain inasintha maonekedwe a makoini ake. Pa 20 pensi yakale, caka cinali kulembedwa kumbuyo. Pa yatsopano, cinasamukila kutsogolo, kumbali ya mutu wa Mfumukazi. Ku fakitale, cidindo cakale ca kutsogolo cinakumana na catsopano ca kumbuyo, ndipo kunatuluka koini yopanda caka mbali zonse ziwili. A Royal Mint anavomeleza colakwikaco, n'kukamba kuti makoini otele angafike pafupi-fupi 250,000.

Nkhaniyi itamveka mu 2009, anthu anapenga nayo. Manyuzipepala analemba za mitengo ya mapaundi masauzande pa eBay. Koma fumbi litakhazikika, mtengo wake unatsika n'kukhala ca m'ma 50 mapaundi, ndipo wakhala ca pamenepo kwa zaka zambili. Ni ndalama yabwino pa koini ya 20 pensi, koma siingagule puloti. Senti ya 1943 na 20 pensi ya 2008 zonse ni zolakwika zenizeni za ku fakitale. Imodzi ni ya madola mahandiledi a masauzande cifukwa zilipo zowelengeka pa dziko lonse. Inayo ni ya mapaundi makumi ocepa cifukwa zilipo zoculuka, ndipo aliyense woifuna angaipeze lelo lomwe.

Ise amene tinakula opanda makoini

Tifunika kuvomeleza cinthu cina cokhudza ise eni. Ambili a ise amene tili m'zaka za m'ma 20 na 30 tinakula osagwilako koini pogula. Ndiye cifukwa cake ciliconse cacilendo cimatidabwitsa, ndipo wotinamiza savutika.

Makolo athu anali kuwadziwa bwino makoini. Pa nthawi ya Federation ya Rhodesia na Nyasaland, kuyambila mu 1955, kunali peni ya cibowo pakati yokhala na njovu ziwili, hafupeni ya cibowo yokhala na anyamalikiti, tiki, sikisipensi na shiling'i. Lelo wacinyamata akapeza peni imeneyo m'cikho ca ambuya ake amaganiza kuti cibowoco ni colakwika, kapena kuti koiniyo ili na mphamvu zina. Ayi, cibowo cinali ca dala, ndipo mapeni amenewo anadindidwa mamiliyoni.

Titalandila ufulu mu 1964, tinakhala na paundi yathu-yathu, na makoini a sikisipensi, shiling'i imodzi na mashiling'i awili. Mu 1966 kunabwela peni ya Zambia, nayonso ya cibowo. Ndiyeno pa 16 January 1968 kunabadwa kwacha na ngwee. Makwacha awili anali kulingana na paundi imodzi, conco 10 ngwee inalowa m'malo mwa shiling'i, ndipo 5 ngwee m'malo mwa sikisipensi. Zithunzi za pa sikisipensi, shiling'i na mashiling'i awili zinasamukila pa 5, 10 na 20 ngwee, zimene zinathandiza anthu kusasokonezeka. Kutsogolo kunali mutu wa Kenneth Kaunda. Pambuyo pake kunabwela 50 ngwee ya makona 12, imene nayonso ena amaiona lelo n'kuganiza kuti makina anaiphonya.

Mitengo ya zinthu itayamba kukwela m'zaka za m'ma 1980, makoini anayamba kutha mphamvu. Mu 1989 K1 inakhala koini. Mu 1992 kunatuluka 25 na 50 ngwee, K1, K5 na K10 ya cipembele, zopanda mutu wa Kaunda. Koma sizinakhalitse. M'zaka zocepa cabe panalibe cimene zinali kugula, ndipo zinathela m'mabotolo, pa nsolo na m'maseŵela a ana. Kwa zaka pafupi-fupi 20 tinali kugula ciliconse na mapepala, ngakhale switi imodzi pa kantemba.

Makoini anabwelanso pa 1 January 2013, pamene Bank of Zambia inacotsa mazilo atatu pa kwacha, K1,000 yakale n'kukhala K1. M'pamene tinalandila 5 ngwee, 10 ngwee ya nchefu, 50 ngwee ya njovu, na K1 ya kambalame kopezeka kuno kwathu cabe. Oyamba mwa makoini amenewa analembedwa caka ca 2012. Tamvapo anthu akukamba kuti K1 ya 2012 ni yolakwika cifukwa ndalama zatsopano zinayamba mu 2013. Si yolakwika. Inadindidwa pasadakhale kuti ikhale yokonzeka pa tsiku loyamba, ndipo zilipo zambili-mbili. Kuyambila pa 31 March 2025 tili na makoini enanso atsopano, kuphatikizapo K2 na K5. Nthawi iliyonse ndalama zikasintha, mphekesela nazo zimabadwa.

Pa kauntala ya banki, ngwee ya 1968 ilibe mtengo uliwonse, cifukwa inaleka kale kugwila nchito. Ngakhale tikanati tiwelengele, pangafunike ngwee zakale 100,000 kuti zikwane K1 imodzi ya lelo. Ukalamba paokha siupatsa koini mtengo.

Pa Mande

Mnyamata uja anabwela nthawi isanakwane. Ise tinali titasonkhanitsa ma K1 asanu a caka cofanana na yake, maginito yocotsa ku sipika yakufa, na kasikelo kakang'ono kamene tinabweleka kwa mnzathu wogulitsa miyala ya mtengo wapatali. Tinapita kwa wokonza mafoni wa pa msika, cifukwa iye ali na galasi yokulitsa yokhala na nyale. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, conco tinayamba na zosavuta.

Pa sikelo, koini yake inalemela cimodzimodzi na zinzake zisanu. Izi zinatanthauza kuti siinadindidwe pa kacitsulo ka koini ina, ndipo palibe mbali imene inadulidwa ku fakitale.

Pa maginito inamamatila, ndipo mnyamatayo anagwa nkhope cifukwa anali atamva kuti koini ya mtengo siimamatila. Tinamuonetsa kuti zinzake zisanu nazo zikumamatila. Makoini athu a 2013 ni acitsulo cokutidwa pamwamba. Mayeso a maginito amayankha funso la senti ya 1943, osati la koini iliyonse. Kuno kwathu, K1 imene siimamatila ndiyo ingakhale yofunika kuifunsa mafunso.

Tinaigwila pamwamba na pansi n'kuitembenuza, kuti tione ngati zithunzi za mbali ziwili zaimilila mofanana na za zinzake. Zinali bwino. Cidindo sicinazungulile.

Galasi ndiyo inamaliza mlandu. Zilembo zolowa mkati zija zinali mbali ya dzina lakuti ZAMBIA, ndipo Z na B zinali kuonekelatu kuti zatembenuka. Apa tinafunika kusamala, cifukwa colakwika cotele ciliko ku fakitale. Zimacitika koini imene yadindidwa kale ikakakamila pa cidindo, n'kukhala iyo yomenya kacitsulo kotsatila. Kacitsuloko kamatuluka na cithunzi cotembenuka colowa mkati. Koma zikacitika motelo, mbali inayo imatuluka yakuthwa bwino, cifukwa inali itagona m'cidindo cake pa nthawi yomenya. Pa koini ya mnyamata uja zinali zosiyana. Kuseli kwenikweni kwa zilembozo, cizindikilo ca dziko cinali cofufutika na cophwanyika. Mkombelo unali utaphwatalala, koini inali itafutukuka pamalo amenewo, ndipo cokutila ca pamwamba cinali na timing'alu. Inali itapanikizidwa pa koini inzake, pa malo olimba, itatuluka kale m'fakitale. Kaya ni mwana anaimenya na hamala, kaya inakakamila m'makina a bonanza, zotulukapo n'zimodzi.

Wokonza mafoni anaibweza kwa mwini wake n'kunena kuti, "Mufana, iyi ni wani kwacha. Ngati kondakita angailandile."

Mnyamatayo anakhala cete kwa kanthawi. Kenako anafunsa kuti, "Nanga uja wogula, bakamba? Iye anaiona pa cithunzi, anati ni yeniyeni."

Tinamuuza kuti amulembele uthenga wakuti acotse K350 pa madola 3,000 aja, atumize cabe zotsala. Analemba tili pomwepo. Wogulayo anayankha kawili mokalipa kuti mwayi ukutha, ndipo pofika madzulo nambala yake siinali kupezekanso.

Mtengo umacokela kuti?

Tikaika pamodzi nkhani ya ku Pittsfield, nyulu ziwili zija na K1 ya m'minibasi, tiona kuti mtengo wa koini yolakwika umaima pa mafunso atatu, ndipo afunika kuyankhidwa motsatana.

Loyamba: kodi cinacitikila ku fakitale? Yankho limapezeka poyelekezela na makoini anzake a caka cofanana, pa sikelo na pa galasi, ndiponso podzifunsa ngati makina odinda angathe kupanga cimene tikuonaco. Mwacitsanzo, koini imene inagwela pambali pomenyedwa imasendela mbali zonse ziwili, kutsogolo na kumbuyo, ndipo malo osadindidwa amakhala osalala, opanda zipsela. Ngati mbali imodzi cabe ndiyo yasendela pang'ono, ndiye kuti cidindo cimodzi sicinakhale pakati-kati, ndipo ico n'cofala kwambili.

Laciwili: kodi zilipo zingati? Kamng'alu ka cidindo kamabweleza pa makoini masauzande mpaka cidindoco cisinthidwe, conco mtengo wake ni wocepa. Anzathu amene amapita ku Johannesburg kukaoda katundu amadziwa nkhani ya R5 ya Nelson Mandela ya 2008, yokumbukila zaka zake 90. Anthu anali kuibisa poganiza kuti ni cuma, koma inadindidwa mamiliyoni ambili, ndipo banki yaikulu ya ku South Africa inakamba poyela kuti imene yayenda m'manja mwa anthu ni R5 cabe.

Lacitatu: kodi n'ndani analipilapo kale, ndipo zingati? Mtengo umene munthu walemba pa intaneti si mtengo wa koini. Aliyense angaike citenge cakale n'kulemba K50,000. Cofunika kuona ni mitengo ya zimene zinagulidwadi. Apa tifunika kunena zoona: osonkhanitsa makoini a Zambia ni ocepa poyelekezela na a makoini a America kapena Britain, ndipo pamene ogula ali ocepa, mtengo siukwela. Makampani amene amapima makoini n'kuwatsekela m'tumapulasitiki twa umboni, monga NGC na PCGS a ku America, amalipilitsa madola pa koini iliyonse, kuwonjezela pa ndalama yotumizila. Pa zolakwika zing'ono-zing'ono, ndalama yopimitsa imapitilila mtengo wa koiniyo. Ndipo ku banki musayembekezele zambili: kumeneko K1 ni K1, kaya yolakwika kapena yabwino.

Ngati mwapeza koini imene yadutsa funso loyamba, musaikweceshe na phulusa, mcenga kapena mandimu kuti iwale. Osonkhanitsa amafuna khungu lake lacibadwa, ndipo yotsukidwa imagwa mtengo kwambili. Igwileni m'mphepete, ikulungeni pa yokha, ijambuleni mbali zonse pa kuwala kwa dzuwa, ndipo funsani anthu oposa mmodzi. Musayese kupanga colakwika canu na hamala, cifukwa kuwononga ndalama dala ni mlandu, ndipo galasi imaulula. Koposa zonse, wogula weniweni sayamba n'kupempha ndalama kwa wogulitsa.

Patapita mawiki awili, mnyamata uja anabwelanso, ulendo uno atanyamula kacitini kakale ka ambuya ake. Munali mapeni atatu a cibowo, 20 ngwee ya mutu wa Kaunda na 50 ngwee ya makona. Tinamuuza mosabisa kuti zonse pamodzi sizingamulipilile ngakhale phunzilo limodzi. Iye anati adziwa, sanabwelele zimenezo. Pofunsa za kacitiniko, ambuya anamusimbila mmene anali kutungila mapeni pa cingwe n'kumanga m'ciuno popita ku sitolo ku Fort Jameson. Iye anali asanamvepo dzina limenelo, ngakhale kuti amapita ku Chipata caka ciliconse. Anafuna kudziwa ngati tingalole ambuya kubwela kudzakamba pa wailesi.

Anabwela pa Ciwelu cotsatila, kacitini kali m'citenge, ndipo mafoni a omvela sanaleke kulila mpaka nthawi inatha. K350 ija inakalipila mayeso monga mmene amai ake anafunila. K1 yophwatalala akali nayo. Anati kondakita wina anaikana.